Mwamuna wa Padenga

Uthenga wake unalowa ndikuchapa, m'manja muli thovu lokhalokha.

"Amayi akufuna akuone Lamlungu masana. Ubwere ndi kamera yako."

Ndinawerenga katatu. Miyezi isanu ndi itatu ndili pachibwenzi ndi Wamagetsi, ndipo nthawi yonseyo mayi ake ankanditchula dzina limodzi lokha, "uja woyenda usiku uja." Lero akundiitana, ndi kamera yomwe? Ndinaseka ndekha ngati chitsiru. Ndinati basi, mtima wa mayi wafewa, ukwati uja wayamba kununkhira.

"N'zabwino kapena zoipa?" ndinalemba.

"Ungobwera, Kadzidzi."

Dzina la Kadzidzi anandipatsa ndi iyeyo tsiku lomwe tinakumana. Ndimachita lendi kachipinda ka pamwamba penipeni pa nyumba yansanjika zitatu. Denga lake ndi lasimenti, pali thanki ya madzi ndi zingwe zoyanikira zovala basi, ndipo pamenepo ndi pomwe ndimajambulira nyenyezi. Eni nyumba ataikapo chibabu choopsezera akuba, thambo langa linatheratu. Ndinalongolola mpaka anatopa nane n'kutuma munthu wa magetsi.

"Anthu amandiitana kuti ndiwayatsire, inu mukuti ndizimitse?" anatero ali pamakwerero. "Ndinu kadzidzi kapena?"

Anandiikira kaswitchi kuseri kwa thanki. Sabata yotsatira anabwera kudzaona ngati kakugwira ntchito. Kankagwira bwinobwino. Anabweranso.

Chomwe ndinkasaka miyezi imeneyo ndi mtambo wina wowala, pansi pa nyenyezi zitatu zondondozana zija. Ndi mtambo wa mpweya ndi fumbi momwe nyenyezi zimabadwira, ndipo m'kati mwake muli kagulu ka nyenyezi zakhanda. Ntchito yake ndi yopusitsa. Ukajambula kamodzi umangoona mdima ndi timadontho tingapo. Uyenera kujambula malo omwewo kambirimbiri, usiku ndi usiku, kenako kompyuta n'kusanjikiza zithunzi zonsezo, ndiye mtambowo umatulukira. Kuti lenzi ione nyenyezi bwino ndimalimbana nayo theka la ola, ndikatha n'kuimata ndi selotepi kuti isasunthe.

"Utijambuleko ifeyo, ngakhale kamodzi kokha," Wamagetsi ankatero, titafunda bulangete limodzi.

"Ndimatule selotepi chifukwa cha mphuno yakoyo? Mawa."

Ankaseka. Nanenso ndinkaseka, osadziwa kuti ndikudzikumbira dzenje.

* * *

Lamlungu ndinavala diresi langa labuluu, ndinatenganso chithunzi chimodzi chomwe ndinamaliza chaka chatha, cha kagulu ka nyenyezi zobiriwira, n'kuchiika m'felemu kuti ndikapatse Amayi.

Chitseko anatsegula ndi Wakwaya. Ameneyu ndi mtsikana wa nyumba yoyandikana nawo, amaimba kwaya limodzi ndi Amayi, ndipo aliyense mumsewumo amadziwa kuti ndiye mpongozi yemwe Amayi anadzisankhira kalekale. Anali atamanga epuloni ya m'nyumbamo ngati wakwatiwa kale.

"Lowani asisi. Eee, koma mwatchena!" Anandimwetulira ndi mano okha.

Pabalaza panali mipando yokutidwa ndi mapulasitiki, kabati ya makapu osagwiritsidwa ntchito, ndi wotchi yaikulu pakhoma. Amayi anali pampando wa pakona, manja pamiyendo. Wamagetsi anakhala pafupi ndi wailesi yakanema yozimitsa, akuiyang'ana ngati muli mpira.

"Muli bwanji, Amayi?"

"Tili momwemu. Khala apo."

Ndinapereka mphatso yanga ndi manja awiri. Anaiyang'ana pang'ono n'kupatsira Wakwaya.

"Iii, zokongola," anatero Wakwaya. "Ngati zija za pa intaneti. Aliyensetu angathe kusindikiza."

"Ndinajambula ndekha," ndinayankha.

"Chabwino," anatero Amayi. "Zakale sindikuzifuna. Undionetse zomwe unajambula Lachitatu lapitali usiku."

Ndinayatsa kamera, ndinagwada pambali pa mpando wawo n'kuyamba kuwaonetsa. Choyamba, mdima. Chachiwiri, mdima. Anavala magalasi, anayandikitsa nkhope. Ndinafotokoza za kusanjikiza, za kompyuta, za mtambo wobisika, koma mawu anga omwe ankamveka ngati a munthu wogulitsa mankhwala abodza pamsika.

"Zilipo zingati zoterezi?"

"Za Lachitatu zilipo zana limodzi ndi makumi asanu ndi atatu."

"Mtsikana wamkulu, usiku wonse padenga, kujambula mdima." Anavula magalasi. "Mwana wanga, tabweretsa foni ija."

Mwana wawoyo sanali Wamagetsi ayi. Anali Wakwaya, ndipo foni inali kale m'manja.

Pachithunzipo panali ine. Nkhope yanga inkaoneka bwinobwino chifukwa cha katochi kofiira komwe ndimagwiritsa ntchito padenga. Ndinali ndikuseka, mutu nditatsamira paphewa la mwamuna. Mwamunayo anali atafulatira, chipewa cha jekete chili kumutu, bulangete limodzi latikuta tonse awiri. Wojambulayo anaima pakhomo la masitepe.

Mtima unakhala pansi. Ndinatsala pang'ono kuseka, poti mwamunayo anali pomwepo pabalaza, akukanda bondo.

"Iwe," Amayi anatembenukira mwana wawo. "Lachitatu usiku unali kuti?"

Wotchi ija inagunda kangapo.

"Kuntchito, Amayi. Ndinakuuzani kuti kunagwa mawaya."

Ndinamva ngati wina wandithira madzi ozizira kumsana.

"Ukuti chani?" ndinafunsa. "Tandiyang'ana. Ukuti unali kuti?"

Sanandiyang'ane. Akuluakulu sananame, fisi akagwa m'mbuna salankhula.

"Amayi," ndinatero, "mwamuna ali apayu ndi mwana wanuyu. Palibenso wina. Amabwera kwanga Lachitatu ndi Lachisanu lililonse."

"Wamva wekha kuti anali kuntchito. Koma poti ndiwe wojambula, nkhani ndi yosavuta. Ndionetse chithunzi chimodzi chokha chomwe iyeyu alipo padenga lakolo."

Ndinagwira kamera. Ndinadziwa ndisanayambe n'komwe, komabe ndinafufuza, chala chikuthamanga, mdima, mdima, timadontho, mdima. Zithunzi zoposa zikwi zisanu. Ndinatsegula foni, koma padenga sindiyatsa foni chifukwa kuwala kwake kumaononga maso ndi zithunzi. Ndinathamangira ku mauthenga athu. Munalibe kanthu. Wamagetsi anatchera kuti mauthenga azifufutika okha pakatha tsiku, ati chifukwa Amayi amakonda kugwiragwira foni yake. Nthawi imeneyo ndinkaziona ngati zoseketsa.

"Miyezi eyiti, asisi," anatero Wakwaya mofatsa, akutolera makapu. "Osamujambulako ngakhale chala?"

Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanamuponyera kamera yomweyo. Koma ananena zoona, ndipo n'chimene chinandiwawa.

"Ine ndinalera mwanayu ndekha," anatero Amayi. "Sindinamulerere mkazi wofunda bulangete ndi amuna osadziwika. Tenga felemu yako. Phazi lako lisapondenso pakhomo pano."

Ndinaima pakhomo kanthawi, kudikira kuti mwina Wamagetsi adzuka, mwina atsokomola, mwina anena kanthu. Anangoweramitsa mutu. Wakwaya ndiye anandiperekeza mpaka pageti n'kundiuza kuti ndiyende bwino.

* * *

Wamagetsi anandiimbira foni kakhumi ndi kasanu ndi kawiri. Ndinayankha ulendo womaliza chifukwa ndinkafuna kumva kuti munthu wotere amayamba ndi mawu ati.

"Kadzidzi, pepa."

"Usanditchule dzina limenelo. Ndani akulankhula? Uja anali kuntchito uja?"

"Tamvera kaye. Sukudziwa za kwathu."

"Ndiuze. Ndili ndi nthawi, mahule sitigona msanga."

"Usalankhule choncho." Anapuma mozama. "Bambo anga ankanena mawu omwewo. Kuntchito, kuntchito. Zaka khumi ndi ziwiri, pomwe ali ndi banja lina kutsidya kwa tauni. Tsiku lomwe anachoka, Amayi anandigwira dzanja n'kunena kuti ndikadzawanamiza ngati bambo, adzandiyesa wakufa. Ndiye iwe umafuna ndinene pamaso pa mlendo kuti ndakhala ndikuwanamiza miyezi eyiti? BP yawo ukuidziwa?"

"Ndiye unaona kuti bola ine ndikhale hule kusiyana n'kuti iwe ukhale wabodza."

"Sindinatero."

"Unatero ndi pakamwa potseka."

Kenako ananena chinthu chomwe mpaka lero sindinachiiwale.

"Pali njira. Ungonena kuti anali msuweni wako. Kapena mchimwene wako, anabwera kudzacheza. Upepese kuti unanditchula ine chifukwa cha mantha. Amayi akapsa mtima sachedwa kuzizira. Ikatha miyezi iwiri itatu, tiyambiranso bwinobwino."

"Ndipepese?"

"N'zongodutsira, wokondedwa."

"Ndikapepese kwa mayi ako chifukwa chonena zoona, kuti bodza lako likhale ndi pogona? Koma iwe ulibe manyazi eti! Unkanjenjemera ndi chisanu padenga langa, ine n'kukufunditsa bulangete langa, lero ukuti ndikupezere dzina lina?"

"Nanga ukufuna nditani? Mayi ndi mayi."

"Ndikufuna ukawauze kuti munthu uja ndiwe. Mawu atatu okha: ndinali ine, Amayi. Ndakupatsa mpaka Lachisanu. Likadutsa, kaswitchi kako udzabwere udzazule."

Ndinadula foni. Ndinalira, ndisaname. Ndinalira mokwiya, chifukwa ngakhale pamenepo ndinkamufunabe munthuyo.

* * *

Lachiwiri kunabwera uthenga wa nambala yachilendo.

"Asisi, ndine uja munandipeza kwa Amayi. Musandide. Ndinangofuna kuti banja la eni lisalowe m'mavuto. Ndikukupemphererani."

Ndinayankha ndili chiimire m'khitchini. "Unakwera masitepe onse aja mumdima. Unamutsatira kuchokera kwawo. Ukudziwa bwino lomwe kuti anali ndani."

"Ine ndinaona msana basi, asisi."

"Msana womwe umauyang'ana pawindo tsiku lililonse akamapita kuntchito?"

Kenako analemba: "Mwamuna amafuna mkazi wopezeka pakhomo dzuwa likalowa. Inu muli ndi nyenyezi zanu. Musakhale adyera."

Ndinalemba mayankho anayi, onse otukwana, n'kuwafufuta. Pomaliza ndinangoti, "Mutenge. Koma udziwe kuti akadzakuuza kuti kwagwa mawaya, uzikayang'ana padenga la wina."

Chomwe chinandipweteka n'chakuti nditatumiza mawu akuti mutenge, ndinakhala ola lathunthu ndikuopa kuti awaonetsa kwa iye.

Wamagetsi ankalemba m'mawa uliwonse. "Ndikufunafuna mpata." "Lero Amayi adzuka ndi mutu." "Mawa ndithu." Pofika tsiku lotsatira mauthengawo anali atafufutika okha, ngati sanalonjezepo kanthu.

* * *

Poti tulo tinali titathawa, ndinatsanulira zithunzi zonse za mtambo uja m'kompyuta. Zinali za mausiku khumi ndi umodzi, ndipo mausiku onsewo iye anali pambali panga. Ndinataya zomwe zinadutsidwa ndi ndege ndi zomwe mphepo inagwedeza. Zotsalazo kompyuta inazisanjikiza usiku wonse wa Lachinayi.

Lachisanu madzulo nditabwera kuntchito, ndinachipeza chitatuluka. Mayo ine! Mtambo wofiirira, m'mbali mwake mobiriwira, utatambasuka ngati nsalu yoyanikidwa pamphepo, ndipo pakati pake tinyenyezi tinayi takhanda titaunjikana. Chinali chithunzi chabwino kuposa zonse zomwe ndinajambulapo. Ndinachiyang'ana n'kumva kuipidwa, chifukwa munthu woyamba yemwe ndinafuna kumuitana anali yemwe uja.

Pachitseko panagogoda munthu. Ndinathamanga, ndikuvomera, ndinathamanga ngati mwana.

Anali Amayi. Okha, thukuta lili kamukamu, dzanja lina litagwira khoma.

"Masitepe akowa ndi ofuna kupha munthu," anatero. "Ndipatse mpando ndi madzi."

Ndinawapatsa. Anamwa pang'onopang'ono, maso akuyendayenda m'chipindamo: bedi, mbaula yamagetsi, miyendo itatu yoimikapo kamera, bulangete lija litapindidwa pampando. Kenako anaona kompyuta.

"Ndiye mdima uja ndi umenewu?"

"Ndi womwewo, Amayi."

Anavala magalasi n'kuyang'ana nthawi yaitali. "N'chokongola," anatero, ngati akunditukwana. "Sunaname."

"Sindinanamepo chilichonse. Ngakhale za mwamuna uja."

"Ndikudziwa."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. "Mwati bwanji?"

"Jekete ija ndinagula ndine. Ndipo ngakhale akanavala thumba, msana wa mwana yemwe ndinamusambitsa ndekha ndingausokoneze? Ndinamuzindikira foni isanafike n'komwe m'manja mwanga. Za kuntchitozo ndinazidziwa mwezi woyamba. Mawu amenewo ndinawamva zaka khumi ndi ziwiri kwa bambo ake, ndimawadziwa kafungo kake."

Ndinakhala pabedi.

"Ndiye munandiyalutsiranji? Pamaso pa mtsikana uja? Munanditcha dzina loipa mukudziwa kuti ndilibe mlandu!"

"Tsitsa mawu, ndine mkulu." Anaika kapu pansi. "Ndinamupatsa mpata mwanayo. Akanati ndinali ine, Amayi, ndikanamukalipira, ndikanalira sabata yathunthu, koma ndikanadziwa kuti wasankha, ndipo ndikanakulandira ngakhale mtima usakufuna. Ndinamufunsa pamaso pako dala, kuti umve ndi makutu ako. Wamva?"

Misozi inali itayamba kale ntchito yake.

"Sindikubisira, ine sindikufuna," anapitiriza. "Ndikufuna uja wa kwaya. Alibe nzeru ngati zako, koma amagona usiku, ndipo akadzanamizidwa adzapirira. Iwe sungapirire, ndakuona. Mudzangophana."

"Ndiye mwakwera masitepe onsewa kuti mudzandiuze zimenezi?"

"Ndabwera kuti umuuze wekha kuti zatha. Akamva kwa ine adzandida moyo wake wonse. Akamva kwa iwe adzalira mwezi umodzi n'kuiwala."

"Inu ndinu oipa mtima, Amayi."

"Ndine mayi. Udzazimvetsa ukadzabereka."

"Ndinamupatsa mpaka lero," ndinatero, ndikudzimva ndekha kupusa kwa mawu anga. "Tsiku silinathe. Akhoza kukuuzanibe. Amandikonda, zimenezo ndiye simungandilande."

Amayi anangoyang'ana wotchi ya pamkono. Anali atakhala m'chipinda changa pafupifupi ola lathunthu, kunja kutayamba kuda. Anandiuza kuti kunyumba anachoka masana, mwana wawo asanaweruke.

Foni yanga inalira patebulo, pafupi ndi chigongono chawo. Dzina la Wamagetsi linaonekera. Ndinaitola msanga, koma uthengawo ndinauwerenga kawiri ndisanaumve.

"Ndawauza zonse, Kadzidzi. Ndangosiyana nawo pompano, ndawasiya akulira kuchipinda. Zinali zovuta koma ndachitira iwe. Ndili pageti, tsegula."

Sindikudziwa kuti nkhope yanga inaoneka bwanji. Amayi anatambasula dzanja, ine n'kuwapatsa foniyo ngati munthu wolodzedwa. Anawerenga mpaka kumapeto, milomo ikuyenda. Kwa kanthawi kochepa ndinaona chibwano chawo chikunjenjemera, kenako anachigwira n'kukhala tsonga pampando.

Pansi, geti linagogodwa katatu.

"Pita ukamutsegulire," anatero Amayi, akundibwezera foni. "Usamuuze kuti ndili muno. Ndikufuna ndimve nanenso zomwe ndinamuyankha."